Matenanti apita ndi timu yanga

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kozizirako. Kuno ku Ludzi tili bwino, kupatula mayi amene mwendo ukuwavutabe.

Nkhani munalemba ija sikundichoka m'mutu. Mukuti kumeneko amasewera mpira wa ndodo pa madzi oundana, ndipo timu imene yathera kumapeto ndiyo imayamba kusankha mnyamata waluso kuposa onse? Zoona zimenezo? Nanga ena sagonja dala?

Ndikufunsa chifukwa timu yathu yatha. Fodya atagulitsidwa, matenanti a pa esiteti anakwera lole kubwerera kwawo ku Mulanje, osewera anga n'kupita nawo, ndi goloboyi yemwe. Ndinalumbira kuti sindidzadaliranso alendo. Ndatola ana a m'mudzi mommuno, a ku pulayimale.

Loweruka tinasewera ndi a ku Kachebere, zibambo zandevu. Anatimwetsa zigoli mpaka ndinasiya kuwerenga. Koma Yosefe, mwana wa a Phiri okhoma zidebe aja, anawadyetsa njomba mpaka anthu kuimirira. Mpira utatha, bambo wina wa timu ya ku Chipata anandikokera pambali.

"Akochi, kamwana aka n'ka ndani?"

"Kasiyeni," ndinatero, "n'kodwaladwala."

Mukapeza mpira wachikopa mutitumizire. Komanso mundifunsireko kwa eni masewerowo: mwana ukamulera wekha, akakula umamusunga bwanji? Kuno nzeru imeneyo tilibe. Inunso tinakulerani pa bwalo lomweli, lero mukuombera m'manja timu ya eni.

Ambuye akusungeni, mudzationeko.

Ndine mng'ono wanu,
Fabiano