Ndikufuna Kubwera ku Rumphi

Dzoole, Dowa
14 Ogasiti 1990

Wokondedwa Masida,

Ndakusowa mnzanga. Ndili kuno kumudzi pa tchuthi, tikuswa mtedza, ndipo ndikadutsa pa nyumba ya aphunzitsi imene munkakhala ija ndimayang'anabe pakhonde ngati utulukira. Mukukhala banja lina tsopano. Mapapaya a mayi ako anadula.

Ku Zomba ndikuphunzira za miyambo ya mitundu ya anthu ndi mmene amakhalirana. Bambo amaseka, akuti, "Zimenezo mpaka kuyunivesite? Ukanangokhala pa msika wa Kasakula." Koma ine ndimazikonda, chifukwa buku lililonse limandibwezera kunyumba kwanu.

Mwezi wathawu aphunzitsi athu anafunsa ngati pali wina amene anakulira limodzi ndi anthu a mtundu wina. Ndinaimika dzanja. Ndinawauza za tsiku lija mayi ako anandipatsa kondowole koyamba, ine nkumatafuna osatha, iwe uli gada ndi phwete. Ndinawauzanso za bambo ako ndi bambo anga, mmene ankakanganira Lamulungu lililonse pochokera ku Misa. A Chirambo amvekere, "A Dominiko, mwamuna wamkulu ngati inu kukhala kwa akazi anu?" Bambo nawo, "Nanga inu, kupereka ng'ombe ngati mukugula khasu?" Akatero ankagawana chimanga chootcha. Kalasi yonse inaseka.

Kenaka aphunzitsiwo anati, "Ali kuti tsopano anthu amenewa?"

Masida, m'chipinda muja aliyense anadziwa za aphunzitsi a kumpoto amene boma linawabweza kwawo. Ndinati, "Anasamuka chaka chatha." Iwo anayang'ana kuchitseko, nkutiuza kuti titsegule mabuku. Za lole ija inadzakutengani sindinanene, ngakhale za ana a sukulu amene anaithamangira mpaka kumlatho.

Tsono nali pempho langa. Chaka chomaliza aliyense amayenera kukakhala pakati pa anthu amene si a kwawo ndi kulemba zimene waona. Anzanga asankha kufupi. Mmodzi anandikokera pambali nkunena kuti, "Sabina, kumpoto masiku ano? Anthu adzakufunsa mafunso." Ine ndalembetsa Rumphi basi. Zaka zonse zija iwe unadya kwathu, unavina chimtali chathu, Chichewa unkalankhula kuposa ine. Ine Chitumbuka ndimangodziwa "yewo". Sindinaonepo phiri ngakhale limodzi mwa aja unkandiuza.

Nditawauza bambo, anatuma achimwene a Enoki kuti apatule thumba la mtedza wabwino. Akuti ndisakafike chimanjamanja kwa aphunzitsi a Chirambo.

Uwafunse makolo ako mofatsa. Ngati aona kuti ino si nthawi yolandira mlendo wochokera kuno, sindidzakhumudwa, ndipo usavutike kulemba chifukwa chake. Ungonena kuti misewu yaonongeka, ndidzamva.

Upereke moni kwa bambo ako ndi kwa ang'ono ako onse. Amayi ali pomwepa pamphasa, andiimitsa kawiri kuti ndiwawerengere zimene ndalemba. Akufunsa ngati mwendo wa mayi ako unapola. Akuti chichokereni inu, kumadzi amapita okha, sanapezebe woyenda naye.

Ndine mnzako wa pa Dzoole,
Sabina