Alinane akufukula manda ku Belize

Lolemba, 2 Juni
Mvula ku Middlesbrough kuno, monga mwa masiku onse. Alinane wanyamuka dzulo ndi anzake a kuyunivesite ya ku Liverpool. Ulendo wa ku Belize. Dzikolo ndachita kulifufuza pa foni. Akuti akukafukula mabwinja a anthu akale otchedwa Amaya. Ine ndimayesa mwana akuphunzira mbiri ya m'mabuku. Kani ndi ya khasu! Mwana mmodzi yemweyo.

Lachisanu, 6 Juni
Zithunzi zafika. Chinyumba cha miyala chosongoka ngati chulu, masitepe mpaka pamwamba, nkhalango mbali zonse. Iye ali m'dzenje, kaburashi m'manja, mano onse pamtunda. Walemba kuti apeza mafupa. Mafupa a yani? Abale awo anavomera? Kwathu munthu wofukula manda ali ndi dzina lake. Sinditchula.
Mwelwa, mnzanga wa ku Zambia, pa tiyi kuntchito: "Uziyamika iwe, wanga amangogona." Zoona. Komabe mtima uli m'mwamba.

Lamulungu, 8 Juni
Kutchalitchi amake Willie afunsa za mwana. Ndati ali ku America, za sukulu. Bodza? Theka.
Masana ndamuimbira Alinane. Ndati pobwera adzayambe wasamba panja, monga achitira adzukulu pochokera kumanda. Waseka, kenako wapsa mtima m'Chingerezi chake chija. Akuti ndimachita naye manyazi. Foni thi!
Inetu kuntchito ndimasambitsa nkhalamba za eni tsiku ndi tsiku, awiri anatsirizikira m'manja mwangamu. Nanga chikundiopsa n'chiyani? Kaya.

Lachinayi, 12 Juni
Zii. Masiku anayi. Ndathira shuga kawiri m'tiyi wa agogo a m'chipinda 4. Ndimupepese? Ndalakwa chiyani? Kapena ndalakwadi.

Loweruka, 14 Juni
Uthenga wa mawu, m'Chichewa chake chotsimphina. Apeza mafupa a kakhanda. Pansi penipeni pa nyumba, pomwe anthu ankagona, kamkanda kobiriwira kali m'kamwa. Akuti ankaika akufa awo m'nyumba kuti asatalikirane nawo. Zaka zoposa chikwi. "Amayi, ndalira, sindikudziwa chifukwa chake."
Ndamvera kasanu pa siteji. Basi yandidutsa ndikuiona.
Alinane sadziwa kuti iye si mwana wanga woyamba. Uja wa ku Mponela, wamwamuna, anakhala masiku atatu basi, n'kutisiya asanatuluke m'chikuta. Anakamuika amayi okhaokha. Ine anati ndikhale m'nyumba, ndisalire, ndingadzitseke mimba. Ndinamvera. Malo ake sindiwadziwa mpaka lero, ndipo amene ankadziwa onse anapita.
Wa eni wapezeka patatha zaka chikwi, wapezanso womulirira. Mwana wanga yemwe. Ndikwiye? Ndithokoze? Mutu sukugwira.

Lamulungu, 15 Juni
Kutchalitchi sindinapite. Ndalemba kuti, "Pomunyamula uchirikize mutu, khosi la khanda ndi lofewa." Ndafufuta, n'zamisala, ndi mafupa. Ndalembanso. Ndatumiza.
Wayankha kuti amuika m'kabokosi, amulembera nambala 14, poti dzina lake palibe akulidziwa.
Wanga analibe ngakhale nambala. Dzina lokha, lomwe ndinamutcha chamumtima, bambo ake omwe sanalimvepo.
Foni ikulira. Ndi iyeyo. Za kusamba panja zija zithe. Koma ndiyambira pati? Kuti Alinane, unali ndi mchimwene wako, dzina lake Dunstan, ndipo ine sindinam...