Matayala a Pikapu ya Ababa

LACHIWIRI

07:14 Mervis: Goliati ndawaika mu group muno bambo Austin a matayala ku Nsipe. kambiranani nokha, ine ndatopa kukhala mtenga

07:15 Mervis: bambo Austin uyu ndi mlongo wanga wamng'ono, ali ku Joni. matayalawo akugula ndi iyeyo nde akuona ngati galimotonso ndi yake

07:19 Austin: mwadzuka bwanji nonse. vuto ndi chani kwenikweni mayi

07:22 Mervis: pikapu ya malemu ababa. msewu wochokera kumunda wasanduka ngalande ziwiri, pakati mtumbira. ndikangonyamula katundu pansi pakukwecha. ikufunika ikwere pang'ono

07:23 Mervis: kachewere takumba kale, ali pamulu kumunda. lole ya ogula ikubwera Lachisanu pa tala ku Mlangeni, 12 koloko inyamuka. ikatisiya kachewere yense aola

07:25 Mervis: koma mumve bwino. amayi anandipatsa makiyi ndi lamulo limodzi. osadula, osamenya ndi hamala, osawotcherera. galimoto ya amuna awo ikhale mmene anaisiyira. matayala okha ndi omwe alola

07:31 Goliati: 🎤 3:48

07:32 Mervis: sindimvera zimenezo. lemba

07:34 Goliati: eish asisi. ndati ma 265/75 basi. kuno mapikapu onse a ku mine, ma bakkie, akuyendera amenewo

07:40 Austin: apano pali ma 205. ma 265 ndi otalika inde koma ndi onenepa kwambiri. ine ndikanati 235/85. kutalika nkofanana ndi anuwo koma ndi owonda, salimbana ndi madigadi

07:41 Goliati: owonda ngati a ngolo?? bra ayi

07:41 Goliati: galimoto ya ababa izioneka kuti ndi galimoto

07:44 Mervis: ine sindikufuna yooneka. ndikufuna yotsitsa kachewere

07:52 Goliati: 🎤 5:10

07:53 Mervis: GOLIATI

07:55 Goliati: sorry. ndati zaka 9 ndikuyendetsa ma bakkie. trust me. akwana popanda kudula

08:03 Austin: ine ndingomanga omwe mwasankha. koma mawu anga akhale pamwambapo, osafufuta

08:30 Mervis: chabwino ikani akewo. ndibwera mawa mmawa. mutu wanga ukuwawa kale

LACHITATU

10:06 Austin: 📷

10:06 Austin: tamanga onse 4

10:07 Goliati: 🔥🔥🔥 mwaona?? mwaona asisi??

10:09 Goliati: lowetsani dzanja pakati pa tayala ndi madigadi tione

10:12 Mervis: zala zitatu zikulowa

10:12 Goliati: basi! nkhani yatha. bra Austin mukuti bwanj pamenepa kkkk

10:15 Austin: ndikuti galimoto ilibe katundu. pikapu siyesedwa yopanda kanthu pabwalo losalala. apa pafupi pali hardware, atha kutibwereka matumba a simenti tikweze, tikhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, tione

10:16 Goliati: kutaya nthawi uko

10:18 Mervis: aganyu akundidikira kumunda bambo Austin, ndipo kumwamba kwayamba kuda. ndinyamuke

10:19 Austin: ok mayi

13:47 Mervis: ndafika. amayi aizungulira kawiri, agwada mpaka kusuzumira pansi

13:48 Goliati: ati chani

13:50 Mervis: ati yatupa miyendo. alanda makiyi alowa mnyumba

13:50 Goliati: kkkkkk aikonda amenewo

LACHINAYI

08:41 Mervis: bambo Austin

08:41 Mervis: 🎤 0:19

08:42 Mervis: mukumva phokosolo? ndi trip yoyamba, matumba 14 okha. kumbuyo kukulira khwee khwee ndipo kukununkha labala yopsa

08:43 Austin: imani pomwepo. osasuntha

08:44 Mervis: ndaima. ndili pa kamlatho ka mitengo kaja, pakati penipeni pa msewu. ngolo ya a Tisunge ili kumbuyo kwanga, ng'ombe zikundiyang'ana

08:46 Austin: lowetsaninso dzanja

08:47 Mervis: ngakhale chikhadabo sichikulowa. madigadi akhala pa tayala

08:49 Austin: ndi zomwe ndimaopa. katundu watsitsa ma spring, m'mphepete mwa madigadi mukusenda tayala. kutsogolonso ikhula mukamakhota pa bampu

08:58 Mervis: Goliati ndikukuona uli online

09:03 Goliati: mwachulutsa katundu asisi

09:03 Mervis: matumba 14? ababa amakweza 20 ndi anthu pamwamba

09:05 Goliati: ok ok. bra Austin mungodula kamlomo ka madigadi ndi grinder. 2cm basi. mupente bho bho. amayi sadziwa

09:06 Austin: kudula nditha koma mayi ananena lamulo

09:07 Goliati: nkachitsulo chabe

09:08 Mervis: amayi sadziwa?

09:09 Mervis: amayi amene amaitsuka okha Loweruka lililonse ndi kansalu? amene makiyi amawasunga mkachikwama ka korona? amadziwa ndi pomwe panatera ntchentche pa galimoto iyi

09:10 Goliati: 🎤 2:31

09:10 Mervis: USANDITUMIZIRE MA VOICE

09:12 Mervis: ababa anakumba pansi pa nthaka ya eni zaka 22 kuti agule chitsulo ukunenachi. anabwera nacho okha kudzera ku Tete. iwe ukulamula grinder uli pa foni

09:13 Mervis: kulamula ndiye umatha. koma akudwala unali pa foni. pamaliro unali pa foni. lero ine ndili mmatope ndi kachewere iwe ukadali pa foni

09:14 Mervis: bwera udzadule wekha amayi akuona

09:31 Austin: ine ndituluke kaye mu group?

09:32 Mervis: khalani pomwepo. ndiuzeni chochita

09:34 Austin: tsitsani katundu yense. kenako muinyamule ndi jeke kumbuyo, muzungulitse tayala muone ngati lang'ambika. ngati langopalika pamwamba mutha kuyenda yopanda kanthu mpaka kuno

09:36 Mervis: jeke amakhala kuti? sindinaphulitsepo tayala chiyambire kuiyendetsa

09:36 Austin: pindani mpando. amakhala kuseri

10:20 Mervis: tatsitsa. a Tisunge andithandiza, atukwana pang'ono koma andithandiza

10:27 Mervis: mayo ine

10:28 Austin: lang'ambika?

10:29 Mervis: ayi. kuseri kwa mpando kuli zolemba. penti yoyera, pa chitsulo penipeni. ndi dzanja la ababa

10:30 Mervis: 📷

10:31 Austin: sizikuoneka bwino, dzuwa lawala

10:34 Mervis: analemba kuti: OIL MIYEZI ITATU ILIYONSE. MADZI ONANI MMAWA. MATAYALA 235/85 NDIYE MALIRE, NDINAYESA NDI KATUNDU. GOLIATI AKADZATI AKULU MUMUKANIZE

10:36 Austin: 😳

10:36 Austin: mdalayo amaidziwa ntchito

10:38 Austin: pepani sindikuseka

10:39 Mervis: sekani, ine ndikuseka ndi misozi pano. a Tisunge akuona ngati ndapenga

10:52 Austin: koma chikundidabwitsa, ngati amayendera ma 235, ang'onoang'ono aja anabwera bwanji?

11:40 Mervis: ndathamangira kunyumba ndawafunsa amayi. akuti ababa anasintha okha chaka chomaliza chija. miyendo inali itatupa, galimoto inawatalikira, amalephera kukwera. nde anaika ma 205 kuti itsike azitha kupita ku chipatala ku Nzama popanda wowanyamula

11:41 Mervis: inenso sindimadziwa. ndimangoona ngati atopa ndi msewu wakumunda

11:43 Mervis: Goliati wawerenga, ma tick ndi a blue

11:58 Austin: ma 235 ndili nawo. bwerani nayo pang'onopang'ono, tisinthe. enawa ndiwalandira ngati sanavulale kwambiri

12:00 Mervis: ndikunyamuka. uzani a hardware akonzeretu simenti. lero sindichoka osayesa

15:22 Austin: 📷

15:23 Austin: matumba 20 a simenti pamwamba. takhotetsa mpaka kumapeto kumanja, kumanzere. tadutsa mu ngalande ya kuseri kwa msika kawiri. zala ziwiri zikulowabe. palibe pokhula

15:24 Mervis: owonda ngati a ngolo koma ali zii

15:40 Mervis: Goliati

17:05 Mervis: ndafika kunyumba. amayi aizungulira kamodzi kokha. ati eya, ndi imeneyi

17:30 Mervis: za mmawa zija ndinalankhula ndi mkwiyo. ndikudziwa mapepala ako sanali bwino nthawi ya maliro

18:02 Mervis: yankha ngakhale ka voice. ndimvera

LACHISANU

06:10 Mervis: trip 1. matumba 18. pa kamlatho yadutsa osakwecha

07:55 Mervis: trip 2

09:48 Mervis: trip 3. lole yafika, driver akungoyang'ana wotchi ngati ndi yake yekha mdziko muno

10:02 Austin: mphepo mmatayala ili bwanji

10:03 Mervis: bambo Austin ndisiyeni kaye pls ndikuyendetsa

11:37 Mervis: thumba lomaliza lakwera. kachewere yense wapita. msana wanga wathyoka koma wapita

11:39 Austin: 👏 ndiye ine ndatuluka, muzikambirana za pabanja. mukabwere pakatha sabata tidzamangenso ma nati

11:39 Austin watuluka mu gulu

12:15 Mervis: tatsala awiri. ukhalabe chete?

13:26 Goliati: ndinali nawo mu galimoto tsiku amagula ma 235 aja ku Balaka. tinakangana njira yonse. ine ndimati akulu, iwo amati ayi

13:27 Goliati: sindimadziwa kuti anakalemba

13:29 Goliati: za miyendonso sanandiuzepo. pa foni amangoti ndili bwino mwana wanga, tumikira azungu

13:33 Goliati: ndimangofuna ndiwagulire chinthu chachikulu asisi. kamodzi kokha

13:35 Mervis: ndikudziwa

13:41 Goliati: tumizaninso chithunzi chija. chooneka bwino. pomwe pali dzina langa

13:50 Mervis: 📷

14:18 Goliati: musadzapente pamenepo pls

14:19 Mervis: pa galimoto iyi sitisintha kanthu, lamulo unalimva kale

14:19 Mervis: bwera udzawerenge wekha