Mjigo wa Nambala 7 Wasowa pa Galafu

Lachiwiri, pa 21 Meyi

Okondedwa mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi nthawi ya nkhomaliro, ndili mu labu, pa benchi langa lakuzenera pomwe ndimayanikapo mabotolo. Muno tilimo atatu. Ndilipo ine, alipo Mayi Mkulu amene akusayina mapepala pa desiki yawo, ndipo alipo bambo amene analowa m'malo mwanu pa kompyuta. Timawatcha a Tayi, chifukwa ngakhale kutenthe chotani savula tayi. Chiyambireni kulemba andicheukira kawiri. Ndaphimba pepala ndi mkono.

Mukudziwa kuti sindine wolembalemba. Chichokereni inu, miyezi khumi ndi inayi yapitayi, sindinakulembereni, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Lero sindikulemba za zimenezo. Ndikulemba za ntchito.

Kompyuta imene munkagwiritsa ntchito yasiya kujambula magalafu a madzi. Inasiya Lachinayi lapitali. Mayi Mkulu atadina monga munawaphunzitsira, m'malo mwa mizere ya mijigo panatuluka mawu ofiira odzaza sikirini yonse. Chingerezi changa chimathera pa mabotolo, komabe mawuwo ndinawakopera chilembo ndi chilembo pa pepala lina, ndipo mulilandira pamodzi ndi kalatayi.

Lachisanu likubwerali kuli msonkhano wa komiti ya zamadzi. Anthu amenewo mukuwadziwa. Manambala sawerenga. Amafuna aone ndi maso awo mzere ukukwera, ndiye alamule kuti mjigo utsekedwe. Mjigo wa nambala 7, uja wa kuseli kwa sukulu, mtovu wa m'madzi ake, poizoni wa m'mabatire uja, wakwera miyezi isanu yotsatizana, chiyambireni kuphwanyira mabatire akale pabwalo loyandikana nawo. Madzi oyeza ndimakatunga ndine. Ana amandipatukira kuti ndidzaze botolo langa, ndikangotembenuka iwo n'kumamwa.

Tsopano imvani zimene ndaona, muweruze nokha.

Lolemba la sabata yathayi ndinaona a Tayi akutsika m'galimoto ya mwini bwalo la mabatire, pa geti pathu pompano. Nditawafunsa anati, "Madala, kunali mvula, munthu wandipatsa lifiti. Ndikanakana kuti ndinyowe?" Mvula inagwadi. Koma msewu umenewo mumadutsa galimoto zambiri. Ndipo ine sindikonda kutchedwa madala, iwo akudziwa.

Lachitatu anakhala pa kompyuta masana onse, akuti akuikonza kuti izithamanga. Palibe anawatuma. M'mawa mwake ndiye mawu ofiira aja.

Mayi Mkulu atawaitana, a Tayi anawerenga n'kuseka.

"Palibe chafa apa, mayi. Pulogalamu ya mwana wa madalawa imadalira zidutswa ziwiri, ife timati malaibulale. China chimawerengera manambala, china chimajambula. Dzulo ndimaika zatsopano, ndiye chowerengera chalowa chatsopano, chojambula chatsala chakale. Sizikumvana. Monga chitsekero cha botolo lakale chimakanira pa botolo latsopano, si choncho madala?"

"Anakutumani ndani kuika zatsopano?" ndinafunsa ine.

"Kompyuta imapempha yokha."

"Galu akapempha nyama ya m'mbale mwanu, mumam'patsa?"

Mayi Mkulu anati tileke, tili pa ntchito.

Lachisanu a Tayi anaikanso chojambula chatsopano, akuti zonse zifanane msinkhu. Mawu ofiira anachepa koma sanathe. Anapitiriza kugwiragwira, ndipo dzulo m'mawa tinangomva akuimba mluzu, galafu yatuluka. Mayi Mkulu anawomba m'manja nati isindikizidwe. Ine ndinapita ku kabati kukatenga yanga.

Inu munkandiseka kuti ndimajambulabe ndi pensulo pa pepala la timabokosi, monga ndinkachitira kompyuta isanabwere muno. Sindinasiye. Ndinagwira pepala langa pambali pa sikirini, n'kuwerenga mizere ndi chala. Pa langa inali khumi ndi iwiri. Pa kompyuta inali khumi ndi umodzi.

"A Tayi, mjigo wa kusukulu wapita kuti?"

Anasuzumira, anawerenga okha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akumasula tayi. Anafotokoza kuti m'pulogalamu yanu munali malamulo atatu amene ankakanabe zatsopanozo, ndiye iwo anawatseka kuti enawo ayende. Akuti anayesa ndi okongoletsera chabe, popeza amanena za mtundu wofiira. Akuti sanadziwe kuti ndi omwewo amene amajambula mjigo uliwonse umene wadutsa muyezo.

"Mijigo ilipo khumi ndi iwiri," ndinatero, "ndipo wasowa umodzi, womwe uli pa mpanda wa mnzanu wa galimoto."

"Si mnzanga! Wasowa chifukwa ndi wokhawo wadutsa muyezo. Madala, mukundiyesa wakuba?"

"Mwatchula nokha."

Anaimirira mpaka mpando unagwa. Mayi Mkulu analowa pakati. Analamula kuti malamulo atatuwo atsegulidwe, ndipo atatsegulidwa mawu ofiira anabwerera. Ine ndinapempha kuti ku msonkhano tipite ndi pepala langa la pensulo. Anandiyankha mwaulemu kuti mwini mabatire akubwera ndi loya wake, ndipo loyayo adzangoti nkhalamba yajambula zofuna mtima wake. Sindinatsutse. Ndi zoona.

A Tayi akuti angathe kulembanso malamulo atatuwo m'njira yatsopano, koma sakulonjeza kuti atha lisanafike Lachisanu. Ine ndinanena poyera kuti mzere wa mjigo umenewo sindingaulandire utalembedwa ndi dzanja lawo. Ndiye njira yatsala imodzi, ndipo iwonso avomereza kuti ndiyo yachidule: kubwezeretsa zidutswa zakale zija, pa malo akeake m'kompyutamo pomwe zatsopano sizifika, kuti pulogalamu yanu iyende monga munaisiyira. Vuto ndi lakuti chidutswa chilichonse chili ndi nambala yake, ngati nsapato, ndipo pakufunika nambala zenizeni zimene munkagwiritsa ntchito. Dzulo masana anayesa kulota katatu. Katatu konse zinakana.

Kenaka a Tayi anati, "Munthu wosamala ngati mwana wanuyu sangachoke osalemba nambalazi penapake." Anatsegula madirowa, anasanthula mafayilo, ndipo potsiriza anatembenuza bokosi la kompyuta. M'mbali mwake munali zipsera zinayi za tepi.

"Apa panali pepala. Analichotsa ndani?"

Mayi Mkulu anati mwina ndi anthu amene anadzapaka utoto muno. Ine ndinali pa sinki, ndipo ndinatsegula mpopi kwambiri.

Zotsatirazi ndilemba kamodzi, ndipo musadzandifunsenso.

Pepalalo ndinachotsa ndine, sabata yomwe munachoka. Pamwamba munalemba kuti munthu asasinthe kanthu, m'munsi mwake nambala zija. Ku siteshoni sindinakuperekezeni, ndipo kunyumba simunasiye kanthu kolembedwa ndi inu. Ndinalimatula bwinobwino, ndinalipinda kanayi, ndinaliika m'thumba lam'kati la jekete. Ndinkati ndilibwezera m'mawa mwake. Linakhala mmenemo kupitirira chaka. Mwezi wathawu amayi anu anachapa jeketelo osandifunsa, ndipo chimene ndinatulutsamo ndi kambulumbulu koyera kopanda inki. Ndinawakalipira. Mpaka lero sadziwa chimene ndinakalipira.

Pepalalo likanakhala pamalo pake, a Tayi akanaliona asanadine. Zimenezi ndikuzidziwa, palibe chifukwa chondiuza. Komabe lifiti ija ndinaiona ndi maso anga, ndipo munthu akhoza kulakwiridwa pa china ali wolakwa pa china. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndili muno ndaona anthu a tayi ambiri. Ena anali olungama. Awa sindinawadziwe. Za pepalalo Mayi Mkulu ndiwauza msonkhano ukadutsa. Ndikawauza lero, ayamba kukayikira manja anga, ndipo manja omwewo ndi amene anatunga madzi a mjigo wa nambala 7. Loya uja akamva kuti wotunga madzi amachotsa mapepala mu labu, nkhani yathera pomwepo, ana n'kumamwabe.

Pamene ndikulemba pano a Tayi abwera kudzandiikira kapu ya tiyi pa benchi. Maso awo anadutsa pa pepalali. Kaya ndi ulemu, kaya amafuna kuwerenga. Tiyiyo ndamwa, chifukwa kutaya n'kulakwa.

Amayi anu akupereka moni. Bondo lawo likuvutabe pokwera masitepe, ndipo mankhwala amamwa akakumbukira. Azakhali anu anadwala koma adzuka. Mlongo wanu wasamukira nyumba ina, ya zipinda ziwiri, ndipo mwana wake wayamba kuyenda, amagwetsa chilichonse chimene wafikira. Inu simunamuone. Chipinda chanu amayi anu amasesa Loweruka lililonse. Ndinawauza kuti n'kutaya nthawi. Babu la mmenemo litapsa ndinaikamo lina, popeza nyumba siyenera kukhala ndi chipinda chamdima. Kaya kumeneko mumadya mokwanira, kaya muli ndi chofunda, sindifunsa. Munanena nokha kuti ndinu wamkulu, ndipo ntchito imene munasiya muno ikuonetsa kuti simunaname. Ine ndili bwino.

Amayi anu ajambula kalatayi pa foni ndikaweruka, pamodzi ndi pepala la mawu ofiira. Ndiwauza kuti ajambule osawerenga. Ngati awerenga, ndi zawo.

Tsono chitani izi. Lembani nambala za zidutswa ziwirizo, ndi za zina ngati zilipo, pa pepala, ndi dzanja lanu, zilembo zikuluzikulu. Lijambuleni, mutumize pa foni ya amayi anu, osati ya a Tayi, lisanakwane Lachinayi m'mawa. Ine ndidzaima kumbuyo kwawo pamene akuzilowetsa, ndipo sindidzachokapo mpaka mizere itakwana khumi ndi iwiri. Pepala lenilenilo musataye. Liikeni mu envulopu, mulembepo dzina langa, mutumize pa positi.

Ndine,
Bambo wanu.