Tsiku Lotsekera pa Tsamba 38

Gulu: Prospectus ya koleji
Lachinayi

[09:12] Rejisitala: ndatsegula file yako. mawu a Principal wawaponya kuti?

[09:13] Wa Design: pg 30 achemwali

[09:13] Rejisitala: muno sindine chemwali wako, ndine rejisitala. bwezera pa pg 2 ndi chithunzi chawo chomwe

[09:15] Wa Design: pg 2 ndaikapo tsiku lotsekera ma application, ma points ofunika ndi ma course. mwana akatsegula buku amafuna zimenezo, osati tayi ya a Principal

[09:17] Wa Printa: mwadzuka bwanji nonse. makina ndiyatsa 2 koloko. ndili ndi ma file awiri, ya madam ndi ya achimwene awo. ndisindikize iti pls

[09:18] Rejisitala: yanga. ndi yomwe ija ya chaka chatha, ndangosintha chaka

[09:20] Wa Design: 🎤 mawu 1:46

[09:31] Rejisitala: sindimvera zolira zako ndili mu ofesi. lemba

[09:35] Wa Design: ndimati ndinakhala pa geti masiku awiri ndi a mlonda, kulemba zimene anthu amafunsa akabwera. atseka liti, ma points anga akwana, hostel ilipo, fomu ndisiye chitseko chiti. bukuli ndalisanja momwemo, funso lililonse tsamba lake, zilembo zazikulu. wofunsa mbiri ya koleji sanapezeke ngakhale mmodzi

[09:36] Rejisitala: ndiye buku la koleji atilembere a mlonda?

[09:36] Wa Design: ndi amene amayankha zimene buku lanu limakanika

[09:38] Rejisitala: iwe usandikwere pamutu. ntchitoyi ndinakupatsa chfkwa amayi anandichonderera. kupanda apo bwenzi ukupangabe ma card a ukwati pa khonde

[09:39] Wa Design: ma card anga amanena tsiku la ukwati

[09:39] Rejisitala: mxm

[09:42] Wa Design: wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. mwana wanga Kanesi anaphonya application ya nursing chaka chatha ndi buku lanuli. anapita ndi fomu mutatseka kale masiku atatu

[09:44] Rejisitala: wayambanso. mwana wako ndi waulesi, ndinanena pamaso pa aliyense ndipo ndikubwereza. anzake anabweretsa bwanji pa nthawi?

[09:45] Wa Design: anzake anafunsa pa geti. iye anakhulupirira buku la azakhali ake. ankadikira kt tsiku mulilengeza poti m'bukumo munalibe

[09:46] Rejisitala: linalimo! pg 38, pansi pa chithunzi cha a board

[09:46] Wa Design: ndakuuzani kangati kt mulibe, inu osafuna n'kutsegula komwe

[09:52] Rejisitala: 📷 chithunzi

[09:52] Rejisitala: nayo file ya pa computer yanga. werenga mzere wapansiwo, kapena ndikugulire magalasi

[09:54] Wa Design: tizilembo ngati nyerere. komanso ana sanalandire computer yanu, analandira buku

[09:55] Rejisitala: a printa sindikizani yanga. uyu ndimuchotsa pa gulu

[10:20] Wa Printa: madam pepani kulowerera za pabanja. buku la chaka chatha ndili nalo pa shelefu

[10:21] Wa Printa: 📷 chithunzi

[10:21] Wa Printa: pg 38 pali a board okha

[10:23] Rejisitala: ndiye munalakwitsa ndinu. mundilembere report lero lomwe

[10:27] Wa Printa: ayi madam. chithunzi chinkadula mitu ya a board a mzere wakumbuyo. ndinakutumizirani message kt sichikukwana, inu munayankha ndi mawu. sindifufuta za ma customer

[10:28] Wa Printa: ↪ 🎤 mawu 0:09

[10:30] Wa Design: ndamvera katatu. "chotsani kamzere kapansiko, a chairman aoneke bwino." mawu anu achemwali

[10:31] Wa Design: ine chaka chonse ndimaganiza kt analakwitsa ndi makina

[10:58] Wa Design: rejisitala?

[11:40] Wa Design: fisi akagwa m'mbuna salankhula eti

[12:15] Rejisitala: 🚫 uthengawu wafufutidwa

[12:16] Rejisitala: sindinayang'ane kt kamzereko kanali ka chani. ndinali pa msewu

[12:18] Wa Design: Kanesi buku analiwerenga mpaka chikuto kuthothoka. nditamva inu mukuti ndi waulesi, nanenso ndinamukalipira. ndi chimene chikundiwawa

[13:35] Wa Printa: kwatsala 25 mins. file iti?

[13:49] Rejisitala: ya achimwene anga. musasinthe kanthu

[13:50] Wa Printa: mawu a Principal akhale pg 30?

[13:50] Rejisitala: ndikadzimvera ndekha kwa iwo

[13:51] Wa Printa: ok zkm, ndayatsa

[14:06] Rejisitala: 📞 waimbira Wa Design, sanayankhe

[14:07] Rejisitala: 📞 sanayankhe

[14:10] Rejisitala: achimwene, Kanesi ali pakhomo?

[15:32] Wa Design: ali pakhomo. akanakhalanso kuti