Kuyamwa kwachisanu

Lachinayi, 1 Juni

Kusikelo lero anatiphunzitsa za kuyamwitsa. Nesi anabwera ndi chidole ndi bere losoka ndi nsalu, ife amimba titandandalika pabenchi. Mafunso onse ndimayankha ndine, mpaka anati, "Hidaya, apatseko mpata anzako." Nanga ndidikire chiyani? Zaka zitatu ndikugulitsa mankhwala mu famase, timapepala ta kuyamwitsa ndinatiloweza tonse. Mwana ayasamule bwino, chibwano chigunde bere, miyezi isanu ndi umodzi osampatsa ngakhale madzi. Ndagula makamisolo awiri otsegula kutsogolo. Ndakonzeka.

Pofika kunyumba ndapeza Zuwena, mkazi wa alamu anga a Kombo, akupala kokonati pakhonde, Nasra wake wa miyezi inayi akulendewera pabere. Ndamuuza kuti mwanayo wamugwira mopotoka. Wangoseka. "Mlamu, uyu sanapiteko kusukulu yanuyo, koma taonani masayawa." Apongozi anga, Bi Mwajabu, aseka nawo. Z. akangotsokomola iwo amaseka. Zuwena anakulira mumsewu womwe uno wa ku Lindi, pomwe ine ndine wa kumtunda, wa ku Nachingwea, ndipo mayi anga anamwalira, n'chifukwa chake ndidzachirira kuno kwa apongozi. Aliyense amadziwa kuti poyamba ankafuna Z. akwatiwe ndi Shomari wanga. Palibe amene amazitchula.

Lachiwiri, 6 Juni

Wamwamuna. Dzulo masana, pa opaleshoni. Sindikutha kukhala tsonga.

Lachitatu, 7 Juni

Timadontho tachikasu titatu, basi. Nesi wati n'tokwanira, kamimba ka khanda n'kakang'ono, mkaka weniweni ukubwera. Ndikudziwa. Ndinawerenga.

Pabedi loyandikana pali kamtsikana, sindikhulupirira kuti kakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kanyowetsa kale zitenje ziwiri, ndipo kakudandaula kuti mkaka wachuluka. Ndatembenukira kukhoma.

Lachinayi, 8 Juni

Atitulutsa. Pabajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, bampu aliyense amandibaya pachilonda. Kunyumba phala la tsabola, tiyi wa jinja, msuzi wa nkhuku. Ndamwa zonse mpaka thukuta kamukamu. Mwana akagwira bere amakoka kawiri katatu, n'kulavula, n'kuyamba kulira. Nsonga zonse zang'ambika.

Z. anaima pakhomo la chipinda changa, bulauzi itanyowa mbali zonse ziwiri. Ati kulira kwa mwana wanga ndi kumene kwamutsitsa mkaka. Anazinena ngati akupepesa, ndipo zimenezo ndiye zandiwawa koposa.

Lachisanu, 9 Juni

Chandidzutsa masana ndi bata. Ndinagona mwina ola limodzi, kudzidzimuka mwana palibe. Ndayenda chogwira khoma mpaka kubwalo la kuseri. Z. ali pamkeka, mwana wanga ali pabere lake, akumeza momveka. Sindinamumvepo akumeza chonchi. Kadzanja kake katambasuka pachifuwa cha Z.

Bi Mwajabu anandiona. "Kagone mwananga, chilondacho chingatseguke. Mwana anali ndi njala." Kenako anatenga nsonga ya chitenje chawo cha kumutu n'kumangapo mfundo. "Kamodzi aka. Ndimange ndingaiwale. Akayamwa kasanu mpaka kukhuta n'kusiya yekha, Zuwena ndi mayi wake, Nasra ndi mlongo wake, sangadzakwatirane. Zimenezi zimafuna mboni."

Ngati kuti lamulolo sindikulidziwa. Nanenso ku madrasa ndinapita. Kwathu kuli achimwene a Saidi amene mpaka lero amatumiza nsalu ziwiri pa Idi, ina kwa mayi owabereka, ina kwa owayamwitsa, ndipo atadwala anaitanitsa owayamwitsawo.

Madzulo mfundo zakwana ziwiri. Palibe amene wandifunsa.

Loweruka, 10 Juni

Zitatu.

Ndinadikira Shomari abwere kuchokera kudoko, ndinamuuza kuti sindikufuna. Iye akuvula nsapato anati, "Vuto lili pati? Zuwena si mlendo. Mwana wa amayi awiri ndi wamwayi." Ndinamufunsa ngati zikumusangalatsa kuti pamapeto pake Zuwena akhala mayi wa mwana wake. Anatuluka kukasamba.

Kenako ndinachita chinthu chonyansa. Pachakudya, apongozi ali pomwepo, a Kombo ali pomwepo, ndinafunsa mokweza ngati Z. anayezetsa magazi, poti kuchipatala amaletsa kuyamwitsa mwana wa wina mwachisawawa. N'zoona amaletsa. Koma si chifukwa chake ndinafunsa. Z. anaika supuni pansi, analowa m'chipinda mwake, anabwera ndi khadi lake la kusikelo n'kuliika pambali pa mbale yanga, lotsegula. Khadi lili bwinobwino, anayezedwanso mwezi watha.

A Kombo anadzuka osamaliza kudya.

Lamlungu, 11 Juni

Zinayi, m'mawa uno, ine ndili kubafa. Ndatuluka ndapeza zatha kale, mwana ali gone pamiyendo pa Z., mkaka uli m'mbali mwa kamwa.

Ndamutenga, ndalowa naye m'chipinda, ndakhoma. Ndalankhula kudzera pachitseko kuti kachisanu kulibe. Amene akufuna kumugwira mwanayu amugwirire muno, ine ndikuona. Bi Mwajabu ati, "Ndiye adya chiyani, timapepala tako?"

Atumiza msuzi wa pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu ija, ati palibe bere louma limene silimvera pweza. Ndamwa mbale ziwiri. Ndatafuna chinangwa chachiwisi, ndatafuna nthangala za maungu. Ndafinya mpaka misozi. Theka la supuni ya tiyi. Ndamudonthezera m'kamwa, wanyambita n'kundiyang'ana.

Pawindo ndimamuona Z. akuyanika matewera. Amayenda ngati munthu amene thupi lake silinamukanepo chilichonse. Mimba anatenga mwezi woyamba wa ukwati, ine ndinadikira zaka zinayi. Anachirira pabedi la kuchipatala chaching'ono, madzulo ake anali akuphika. Mawere akewo ndimadana nawo. Ndalemba, bwanji.

Lolemba, 12 Juni

Tsiku lachisanu ndi chiwiri. Amumeta, shehe wabwera, mbuzi ziwiri zaphedwa. Dzina lake ndi Faraji. Amayi a mumsewu adzaza bwalo, aliyense ndi malangizo ake. Wina ati ndinamwa madzi ozizira ndili ndi pakati. Wina ati opaleshoni imaumitsa. Azakhali a Shomari atamva za mfundo zinayi anaseka, n'kukuwa, "Amake Faraji, tabwerani ndi tiyi kuno." Tinatembenuka tonse awiri, ine ndi Z. Iwo amanena Z., mwanthabwala. Bwalo lonse linaseka. Aka kanali koyamba kumva dzinalo likutchulidwa, ndipo silinali langa.

Pakati pa alendo panali Sista Ngonyani, nesi wopuma pantchito wa kuseri kwa mzikiti. Ananditsatira m'chipinda n'kutseka chitseko. "Tandionetsa mmene ukumuikira." Ndinamuika. Anapukusa mutu. Ati poopa chilonda ndikumugwirira kutali, mwana akungoluma nsonga. Anandigoneka cham'mbali, anaika pilo pamimba, anamukankhira Faraji pafupi mpaka mimba yake inakhudza thupi langa. Sizinapweteke. Ine wa timapepala, masiku asanu ndi awiri ndikulakwitsa chinthu chimene ndinkadzudzula nacho Z.

Anafunsa kuti wanyowetsa matewera angati kuyambira dzulo. Ndinati anayi. Anayang'ana mubeseni. Ndinati awiri. Anakhudza paliwombo, anamutsegula kukamwa.

"Tamvera Hidaya. Mkaka ubwera, opaleshoni imachedwetsa, si iwe woyamba. Uzimuika pafupipafupi, uzifinya. Koma mwanayu sangadikire mkaka wako wopanda kanthu m'mimba. Wa m'chitini ndi madzi athu a pachitsimewa sindikufuna, pomwe m'nyumba muno muli mkaka waukhondo. Mawa m'mawa ndibwera ndi sikelo."

Ndinamuuza za kachisanu. Sanandiseke. Anangoti, "Ndamva. Ndibwera ndi sikelo."

Madzulo Faraji sanalire kwambiri. Bi Mwajabu ati wayamba kuzolowera. Ine ndikudziwa tanthauzo la khanda losiya kulira. Zimenezonso ndinawerenga.

Lachiwiri, 13 Juni

Sista anafika dzuwa lisanatenthe. Anamupachika pasikelo, anayang'ana khadi lobadwira, anayang'ananso sikelo. Ati watsika kupitirira mlingo. Thewera la usiku wonse linali ndi kadontho kamodzi kofiirira. Ati ngati sanadye mokwanira pofika masana, tikwera bajaji kubwerera kuchipatala, akamuike chubu chomudyetsera. Ananena akulongedza chikwama, osandiyang'ana, n'kupita kukaona wodwala wina.

Shomari anaima pakhomo. Sanandikakamize. Ndikanakonda akanandikakamiza, ndikanakhala ndi womukwiyira.

Ndinamuikanso pabere monga anandionetsera Sista. Anagwira bwino, anakoka kanayi, n'kugona. Ndinamutsina kuphazi, sanadzuke msanga. Milomo yake inali youma ngati pepala.

Kuchoka pachipinda changa kufika pachipinda cha Z. ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndinamupeza akupesa tsitsi. Chichitikireni za khadi zija sitinalankhulane. Ndinamutambasulira mwanayo. Sanamulandire nthawi yomweyo.

"Mlamu, mukudziwa kuti ndi kachisanu?"

Ndinati ndikudziwa.

"Ndifinyire m'kapu mumumwetse nokha?"

Ndinati ngakhale m'kapu apongozi amanga mfundo, shehe ananena kale kuti mkaka ndi mkaka. Ndipo m'kapu theka litayika. Anaika chipeso pansi n'kumutenga.

Poyamba Faraji sanafune kudzuka. Z. anamudonthezera pamilomo, akumuyankhula motsitsa, "Dzuka bambo, dzuka, amayi ako ali pompano akukuona." Kenako anagwira. Ndinakhala pamphepete pa bedi la Z., pabedi limene sindinakhalepo chikwatiwireni, ndikumvetsera mwana wanga akumeza. Bi Mwajabu anabwera n'kuima pakhomo, nsonga ya chitenje ili m'manja.

Sindikudziwa papita mphindi zingati. Ndinamva kuyabwa m'mawere, ngati tinyerere, kenako kulemera, kenako kutentha. Ndinayang'ana pansi. Kamisolo yanyowa. Mbali zonse ziwiri, mpaka kudutsa pa diresi.

Z. anaona ine ndisananene. Anatsitsa mawu kuti apongozi asamve. "Sanasiye yekha. Mutengeni pompano, sikawerengedwa."

Anaika kale chala pafupi ndi kamwa lake kuti amuchotse. Ndinatambasula manja, ndinafika pomugwira kumsana. Anali akumezabe mwamphamvu, maso ali tseke, kadzanja kakutseguka pang'onopang'ono. Aka kanali koyamba kuyambira Lamlungu. Wangawu sindikudziwa ngati ndi wochuluka kapena ndi wongonyowetsa nsalu. Ndipo akachoka apa n'kukana kugwira kwa ine, masana ndi chubu.

Ndinachotsa chala cha Z. Ndinati msiyeni amalize.

Anamaliza. Anasiya yekha, mutu n'kugwera kumbuyo. Apongozi anamanga mfundo yawo n'kunena mawu othokoza Mulungu. Z. anamupukuta pakamwa ndi chala chachikulu, anamupsompsona pachipumi, n'kundipatsa. Maso ake anali ndi misozi, ndipo sindinafune kudziwa kuti ndi ya chiyani.

Ndili m'chipinda mwanga tsopano. Ndagona cham'mbali, pilo pamimba, mwana pafupi, zonse monga mwa malangizo. Mawere alimba ngati miyala, akupweteka. Ndamukhudza pamlomo ndi nsonga katatu, sakuyasamula. Wakhuta. Mkaka wanga ukudonthera patsaya pake, iye ali mtulo.