Chitseko Chimene Amayi Anakusungirani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija linasiya kutupa? Kuno ndilipo, ntchito yochapa zovala kuchipatala ikuyenda, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Nkhani ndi ya nyumba. Alandilodi athu aja atamwalira, mwana wawo waganiza zoigulitsa. Anabwera mwaulemu ndithu, n'kunena kuti popeza ife tinakuliramo, ndiyambe ndine kuyesa. Ndikalephera pofika kumapeto kwa mwezi uno, apatsa ena.

Ndinapita kubanki kukapempha ngongole yogulira nyumba. Musakwinye nkhope, ndikukuonani ngakhale muli kutali. Sindinaiwale kuti amayi ankakana ngongole pakhomo pathu, ngakhale ya mchere.

Ndinapeza bambo wina wa tayi yofiira, woseka ndi mano okha. Anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti sakundidziwa, chifukwa munthu amene sakongola sadziwika ngati amabweza. Tamvani zimenezo! Ndinamuuza kuti lendi sitinaphonyepo chikhalire. Anafunsa malisiti. Ndinangoseka, achimwene. Paja amayi ndi alandilodi ankati kulemberana malisiti n'kusakhulupirirana. Mboni zanga zonse ziwiri zili kumanda.

Kenako anati pali chinthu chimodzi chokha pa dzina langa, ndipo n'choipa: foni.

Ndi foni ija ndinatenga yolipira pang'onopang'ono amayi atayamba kudwala, kuti azikuonani nkhope mukamalankhulana. Titawaika m'manda, ndinalephera kuigwira. Inkanunkhirabe mafuta awo odzola aja. Ndinaiika m'dirowa pansi pa mipango yawo, ndinasiya kulipira, ndipo inadzitseka yokha. Ine ndinkati basi, eni ake atseka chinthu chawo, zathera pomwepo. Osadziwa kuti dzina langa likuwola m'makompyuta mwawo.

Ndinathamanga kukalipira zotsalazo. Wa tayi uja akuti banga lotere silichoka msanga, limatenga zaka. Ine amene ndimachotsa magazi pa nsalu tsiku lililonse, langa landikanika! Akuti njira yatsala imodzi: m'bale wa malipiro okhazikika asaine kuti andiimira ndikalephera kubweza.

Chiyambire nkhaniyi, m'nyumba muno simukukhala zii. Ndikaweruka masana, ndimamva masilipasi akukhwekhwereza m'kanjira kopita kubafa. Ndikatembenuka, palibe munthu. Dzana ndinapezeka ndatsuka makapu awiri, koma tiyi ndinamwa ndekha. Sindikuti amayi akundizunza, ayi. Zikungokhala ngati akuyendayenda kufuna poika katundu wawo.

Loweruka kunabwera banja lina kudzaona nyumba. Mkaziyo anaima pamene panali bedi la amayi n'kunena kuti chipindacho chikhala chosungiramo katundu. Mwamunayo anakankha chitseko cha kukhitchini, chinakana, anachimenya ndi phewa, n'kunena kuti choyamba kuzula n'chimenechi. Ine ndinali chilili ndi tsache m'manja ngati wantchito. Zinandiwawa, achimwene, zinandiwawa zedi.

Atachoka ndinatulutsa foni ija, popeza tsopano inatseguka. Ndinapezamo uthenga wa mawu umene amayi anakujambulirani, koma sunapite. Mulibe zazikulu ayi. Akupuma movutikira, akufunsa ngati mwadya, kenako akuti chitseko cha kukhitchini chatupanso ndi mvula. Akuti mukamabwera mutenge chopalira matabwa chija, ndipo wina aliyense asakhudze chitsekocho, chifukwa munachiika ndinu mutangophunzira ukalipentala. Akumaliza n'kuseka, akuti munachiika mokhota koma iwo amachikonda choncho.

Ndinaumvera nditaima m'khitchini momwemo. Mawuwo atatha, chitseko chinalira pang'ono, ngati munthu wachitsamira kunjako. Mwina inali mphepo. Sindinapite kukaona.

Tsono ndikupempha, achimwene. Ndikudziwa kuti moyo wanu wonse simunasainepo pepala la ngongole, ndipo mumanyadira zimenezo monga ankanyadira amayi. Sindikubisirani: ndikalephera, banki idzabwera kwa inu, ndipo alamu ali ndi ufulu wokana. Muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe pena paliponse. Koma inu mumandidziwa, makani anga aja sanathe. Ndidzabweza ngakhale zala zisupuke ndi sopo.

Mapepala ndaika m'envulopu yomweyi. Posaina ndachongapo ndi pensulo.

Ngati simungathe, ndiuzeni mosabisa, sindidzakusungirani mangawa. Ndidzangomasula chitsekocho n'kuchinyamula pamutu pochoka. Kungoti sindikudziwa kumene ndikachiimike, ndiponso kumene amayi azikakudikirirani.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni, akuchizeninso bondolo.

Kuno mvula yayamba, chitseko chatupanso. Sindinachikhudze.

Ndine mlongo wanu,
Kamakani